Eyakoni ikupuma mpweya wofunda: zimene ndayesa tsiku ndi tsiku

Lolemba, 9 koloko usiku

Eyakoni ya kuchipinda chogona yasiya kuziziritsa. Kuyaka ikuyaka, kanyale kobiriwira kali ngwee, mphepo ikutuluka yamphamvu ndithu, koma ukaika dzanja pakamwa pake, mphepoyo ndi yomweyi tikupuma m'chipindamu. Ndaganiza zolemba chilichonse chimene ndikuyesa chifukwa ndimadzidziwa. Ndikapanda kulemba, pofika Lachinayi ndidzakhala ndikubwereza za Lolemba n'kumadzinamiza kuti ntchito ikuyenda.

Makinawa ndi aja a mbali ziwiri, ina pakhoma m'nyumba, ina panja, zolumikizana ndi mapaipi awiri a kopa. Pa chipepala chomata m'mbali mwake palembedwa 12,000 BTU, kutanthauza mphamvu yochotsa kutentha yokwana pafupifupi makilowati 3.5. Si ya inverter. Ndi yachikale ija imene kompuresa yake, pampu yofinya gasi, imangodziwa ziwiri, kuyaka ndi kuzima. Gasi wake ndi R-410A. Yatha zaka zisanu ndi chimodzi ili pakhomapo, ndipo ndiululiretu pano kuti chiikireni sinaonepo mmisiri.

Ndayamba ndi zing'onozing'ono, poti n'zimene zimachititsa manyazi mmisiri akazipeza pamaso pa ana. Rimoti yathu ana amaiseweretsa, ndiye kuyang'ana koyamba kunali pamenepo: kodi ili pa COOL, kapena wina waikankhira pa FAN, pomwe imangozungulitsa mpweya, kapena pa kadzuwa ka HEAT? Ili pa COOL. Nambala inali pa 24, ndaitsitsa mpaka 18. Ndasintha mabatire. Ndazimitsa, ndayatsanso, n'kudikira mphindi zisanu, chifukwa makinawa ukangowayatsa amaimika kompuresa kwa mphindi zitatu kuti pulesha ya m'mapaipi iyambe yafanana. Ambiri amati eyakoni yafa atangodikira miniti imodzi. Yanga ndaidikira mokwanira, koma ayi.

Dzanja limanama, makamaka munthu ukakhala ndi thukuta, chifukwa mphepo iliyonse imamveka ngati yozizira. Ndiye ndatenga kathemometa ka digito. Pamwamba pomwe makinawa amakokera mpweya ndapeza madigiri 31. Pakamwa potulukira, 30.5. Eyakoni yabwinobwino imasiyanitsa malo awiriwa ndi madigiri 8 mpaka 12. Yanga ikusiyanitsa ndi theka la digiri, ndipo thekalo mwina ndi bodza la themometa.

Nditatsegula chivundikiro chakutsogolo ndachita manyazi ndekha. Masefa onse awiri ali mbuu, fumbi lake lochita kugwirana ngati bulangete, loti ukalikoka pakona likusendeka lonse pamodzi. Ndawatsuka ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo, ndawaimika kuti aume. Ndawauza mayi a ana kuti vuto lapezeka, mawa tigona bwino. Angondiyang'ana.

Lachiwiri m'mawa

Masefa ndabwezera ali gwaa. Mphepo yawonjezeka mphamvu moti katani akuchita kuvina. Kutentha kwake: 29 polowera, 29 potulukira. Tsopano tili ndi fani yabwino kwambiri pakhoma.

Ndikanaganiza bwino dzulo ndikanadziwa. Masefa otsekeka amachepetsa mphepo, ndipo kamphepo kochepako kamatuluka kozizira kwambiri, mwinanso koyilo, mapaipi opindapinda a kuseri kwa masefa omwe gasi amadutsamo, kuchita ayisi. Sachititsa mphepo yambiri yofunda. Kutsuka kunali koyenera, koma matenda sali pamenepo.

Lachiwiri madzulo

Ndanyamula kampando n'kukakhala pafupi ndi mbali yapanja ija, mwana wamkulu atagwira rimoti m'nyumba kuti ndikakuwa ayatse. Alamu anali atabwera kudzacheza, nawonso aima kumbuyo kwanga manja ali m'thumba.

Patatha mphindi zitatu fani yapanja yayamba kuzungulira. Nthawi yomweyo m'kati mwa bokosilo mwamveka kulira kwapansipansi, huuuu, ngati munthu akusenza chinthu chomuposa. Nyale ya pakhonde yaphethira. Masekondi anayi kapena asanu, kenako khethe! Kulirako kwatha, yangotsala fani. Tadikira. Patapita mphindi ziwiri ndi theka, huuuu, khethe. Kachitatunso chimodzimodzi. Pamenepo ndakuwa kuti azimitse.

"Alamu, gasi watha ameneyo," atero alamu. "Musadzivute n'kuyezayeza. Ingoitanani munthu adzathiremo."

"Atha bwanji, alamu? Ndi mafuta a galimoto?"

"Zonse zimatha, alamu."

Mawu akuti gasi watha ndawamva kwa munthu aliyense amene ndamuuza za vutoli, ndipo amandikwiyitsa pang'ono. Eyakoni sidya gasi. Ntchito yake ndi kunyamula kutentha kwa m'nyumba n'kukakutaya panja, ndipo gasiyo ndi mtengatenga chabe, amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Amafika mu koyilo ya m'nyumba ali madzimadzi, pulesha itatsika, ndiye amawira ngakhale pali pozizira. R-410A ukamusiya poyera amawira pa madigiri pafupifupi 51 pansi pa ziro. Powirapo amayamwa kutentha kwa mpweya umene fani ikudutsitsa pa koyiloyo. Akasanduka nthunzi kompuresa imamukoka, n'kumufinya mpaka atatentha kuposa mpweya wapanja. Fani yapanja imamupemerera, amataya kutentha kuja, amasandukanso madzi, amadutsa pa kapaipi kopyapyala kotsitsa pulesha, ulendo n'kuyambiranso. Palibe paliponse pamene akupsa kapena kutha. Akachepa ndiye kuti penapake pabooka, ndipo kuthiramo wina usanatseke pobookapo n'kutunga madzi ndi dengu.

Komanso zimene ndamva ndi makutu anga sizikugwirizana ndi za gasi. Kompuresa yosowa gasi imazungulirabe, kungoti siziziritsa. Yanga sikudzuka n'komwe. Kulira kuja ndi mota imene yalandira magetsi koma ikulephera kutembenuka. Khethe uja ndi kaswichi koteteza kamene kamadula magetsi mota ikatentha, n'kudzalumikizanso kakazizira. Pa chipepala chija palembedwa kuti makinawa akamayenda bwino amakoka maampu 5, koma pa LRA, omwe ndi magetsi amene kompuresa imakoka ikakhala yoima, palembedwa 24. Ndiye chifukwa chake nyale inaphethira. Kuisiya ikuyesayesa chotero usiku wonse n'kuwotcha mawaya a m'kati mwake pang'onopang'ono, ndipo ndikamaganiza kuti dzulo yachita zimenezi kwa maola angapo ine ndili kalikiliki ndi masefa, mtima ukundipweteka.

Ndagwira mapaipi onse awiri pomwe amalowera m'bokosi. Onse ndi ofunda ngati khoma. Pa makina a mtundu uwu onse awiri amayenera kuzizira, lalikululo mpaka kuchita thukuta.

Oganiziridwa atsala atatu: magetsi ofika ochepa, kapasita (kachitini kothandiza kompuresa kudzuka) yofooka, kapena kompuresa yogwira m'kati, yosatha kutembenuka. Wachitatuyo sindikufuna n'kumutchula komwe. Buleka ya eyakoni ndaitsitsa, ndamata tepi kuti wina asaikweze.

Lachitatu

Multimeter yanga, mita yoyezera magetsi, sitha kuyeza kapasita, ndiye ndabwereka ina koma ifika mawa. Podikira ndati ndione koyilo yapanja.

Kutsogolo imaoneka bwino. Kumbuyo, kumene kwayang'ana khoma ndiponso kumene mpweya umalowera, kunali nkhalango. Masamba ouma, ulusi wa akangaude, ubweya, nthenga, ndi fumbi losanduka dothi lomata pakati pa timalata topyapyala tija. Ndawunikira tochi kuchokera m'kati mwa fani, kumbuyo kuwala sikukutulukira n'komwe kupatula pakona imodzi. Zaka zisanu ndi chimodzi makinawa akhala akupumira m'chisanza.

Ndayamba ndi burashi yofewa, kupesa motsatira mizere ya timalatato, kuchokera pamwamba kutsikira pansi. Kenako madzi a paipi, pang'onopang'ono, bokosi la mawaya nditalikuta ndi pulasitiki. Madzi oyamba atuluka akuda bii. Zinkayenda bwino mpaka pamene ndatopa n'kutseka kukamwa kwa paipi ndi chala kuti madzi atuluke mwamphamvu, ndipo ndawaloza chammbali. Timalatato ndi ta aluminiyamu, topyapyala ngati pepala. Malo aakulu ngati chikhatho changa tagona tonse mbali imodzi. Ndatha ola lathunthu ndili chogwada, kutidzutsa kamodzikamodzi ndi kakhadi kapulasitiki. Tina tadzuka, tina tatsala topindika. Amene amatsuka ndi mashini aja opopera magalimoto sindikudziwa kuti amatsala ndi chiyani.

Sindinayatse. Ndikudziwa kuti kutsuka sikudzutsa kompuresa. Koma uve umenewu ndikuuganizira kuti ndiwo gwero. Koyilo yapanja ikatsekeka gasi sataya bwino kutentha, pulesha imakwera, kompuresa imakoka magetsi ambiri, ndipo m'bokosi monse mumatentha. Kapasita mdani wake wamkulu ndi kutentha.

Lachinayi

Lero ndiye tsiku la mawaya. Ndilemba mwatsatanetsatane chifukwa pano m'pamene munthu angafe.

Buleka inali pansi kale, koma sindinaikhulupirire. Nditamasula chivundikiro cham'mbali ndayeza kaye pa mawaya olowa: ziro. Ndiye ndakweza buleka kwa kanthawi, manja ali kutali, kuti ndione magetsi amene akufika. Mavoti 228, ndipo makinawa amafuna 220 mpaka 240. Pamene kompuresa imayesa kudzuka atsika pang'ono n'kubwereranso. Woganiziridwa woyamba wamasulidwa. Ndatsitsanso buleka, ndayezanso, ziro.

Kuseri kwa chivundikiro kuli chojambula cha mawaya, chimene sindinkadziwa kuti chilipo. Chandithandiza kwambiri. Chikusonyeza makapasita awiri, kakang'ono kakuda ka fani ndi yaikulu ya kompuresa, ndipo palibe swichi iliyonse yoyang'anira pulesha ya gasi imene ingaletse kompuresa kudzuka. Ndajambula zithunzi zinayi za mawaya ndisanakhudze kalikonse, poti mitundu ya mawaya imaoneka yosaiwalika mpaka utawazula.

Kapasita ya kompuresa ndi kachitini kasiliva, kotalika ngati chala chapakati n'kuposerapo pang'ono. Palembedwa 30 µF, ±5%, 450 VAC: µF ndi muyeso wa magetsi amene kangasunge, VAC ndi mavoti amene kangapirire. Mota ya kompuresa yotere ili ndi makoyilo awiri a waya wokulungidwa, ndipo kapasitayi ndi imene imachititsa kuti magetsi a koyilo yachiwiri asayendere limodzi ndi a yoyamba. Kusiyana kumeneko n'kumene kumakankha mota kuti itembenuke. Popanda kapasita mota imangonjenjemera pamalo amodzi, huuuu uja.

Kachitini kameneka kamasunga magetsi ngakhale buleka ili pansi. Ambiri amangogunditsa sikuludiraiva pa timiyendo take kuti kathetheke. Ine ndagwiritsa ntchito resistor, kachipangizo kochotsa magetsiwo pang'onopang'ono, ya 20 kΩ, ya mawati 5, nditaigwira ndi pulayala yokutidwa, kwa masekondi khumi, kenako ndayeza kuti ndione ziro ndisanaike chala. Ndipo izi ndikuchita chifukwa makina anga ndi achikale. Ikanakhala ya inverter sindikanatsegula. M'menemo muli bolodi yokhala ndi makapasita osunga mavoti opitirira 300, ndipo matenda ake amawerengedwa pa manambala amene makinawo amaonetsa, osati ndi khutu.

Ndinkayembekezera kupeza kapasita yotupa pamwamba kapena yochucha mafuta, monga zimakhalira kawirikawiri. Yanga inali yosalala, yonyezimira, yopanda banga. Mtima unagwa, ndinati basi ndi kompuresa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nditazula mawaya n'kuyeza, mita yaonetsa 11 µF. Ndayeza katatu, 11, 11.2, 11. Malire ake ndi 28.5 mpaka 31.5. Yatsala ndi mphamvu yongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa atatu. Ka fani kalembedwa 2.5 ndipo kaonetsa 2.4, kali bwino.

Ndisanasangalale ndati ndiyezenso kompuresayo, kuopa kugula kapasita ya maliro. Ili ndi timiyendo titatu, C, R ndi S. Pakati pa C ndi R ndapeza maohm 2.6. Pakati pa C ndi S, 3.4. Pakati pa R ndi S, 6.0. Ziwiri zoyambazo ukaziphatikiza ziyenera kukwana yachitatuyo, ndipo zakwana. Ndayezanso kuchokera pa kamwendo kalikonse kupita pa chitsulo cha kompuresa, nditapala utoto pang'ono. Palibe kulumikizana kulikonse. Makoyilo sanapse. Ngati yagwira m'kati, zimenezo mita singanene, tidzaona ikayesa kudzuka.

Ndawatumizira alamu chithunzi cha mita ili pa 11. Ayankha kuti: "Chabwino alamu, koma gasi mumuone."

Lachisanu

Kapasita yatsopano yapezeka, 30 µF, 450 VAC. Wogulitsa anayamba wandipatsa ya 40 µF ati imadzutsa mwamphamvu. Ndakana. Nambala ya µF iyenera kukhala yomweyo imene opanga anaika, chifukwa yaikulu imadutsitsa magetsi ochuluka mu koyilo yachiwiri ija n'kuitenthetsa. Nambala ya mavoti ndi imene ingakwere, koma isatsike. Ndaiyeza ndisanachoke: 30.3.

Kuika kwake ndi mphindi khumi. Kamodzi mwa timapini ta mawaya kanali kolobodoka ndi kakuda pang'ono, ndakafinya ndi pulayala kuti kagwire zolimba. Ndatseka chivundikiro, ndakweza buleka, ndakhala pa kampando kanga.

Mphindi zitatu zija lero zinatalika. Fani yayamba. Kenako gu, kamodzi kokha, n'kutsatira kulira kosalala kosalekeza. Khethe sanabwere. Ndaika dzanja kutsogolo kwa fani, mpweya ukutuluka wotentha, ndipo sindinasangalalepo ndi mpweya wotentha ngati lero.

Patatha mphindi makumi awiri ndayeza m'nyumba: 31 polowera, 24 potulukira. Kusiyana madigiri 7. Mita yopanira pa waya yaonetsa maampu 3.4. Zonse ziwirizi ndi zotsikirapo, koma kunja kunali kotentha ndipo chipinda chatha masiku anayi chisakuziziritsidwa, ndiye ndikuona kuti zikhazikika. Mayi a ana afunda nsalu usiku uno. Ntchito yatha.

Lamlungu masana

Sinathe. Mzere wotsiriza wa Lachisanu ndausiya dala kuti ndizidziona.

Dzulo masana chipinda sichinatsike kupitirira 27 ngakhale kompuresa inkayenda osapuma. Lero ndayezanso: 30 polowera, 24 potulukira. Nditapita panja ndapeza paipi yaing'ono ija yachita mbee ndi ayisi, kuyambira pa valavu mpaka pomwe yalowera m'chokutira. Yaikulu ndi yongozizirira pang'ono, youma, yopanda thukuta. M'nyumba nditachotsa masefa ndaona kuti koyilo yachita ayisi kachigawo kamodzi kokha, kwina konse kuli kouma.

Manambala a Lachisanu aja anali akundiuza kale, ine n'kuwapezera chifukwa. Kompuresa ikamakoka 3.4 m'malo mwa 5 tsiku lotentha, ndiye kuti ikunyamula katundu wochepa. Katundu wake ndi gasi.

Poyamba zimamveka zosokonekera kuti gasi wochepa achititse ayisi. Koma gasi akachepa pulesha imatsika, ndipo pulesha ikatsika amawira pozizira kwambiri. R-410A pulesha yake ikafika cha m'ma 100 psi amawira pa ziro, ndiye kutsika pamenepo chinyezi chilichonse chokhudza paipi chimaundana. Wochepayo amawira n'kuthera poyambirira pomwepo, mbali yotsala ya koyilo n'kukhala yopanda ntchito. Pang'ono pozizira mopitirira, ponse potsala pofunda.

Ndazimitsa, ndadikira ayisi asungunuke, ndasenda chokutira pa manati awiri a mkuwa omwe amamanga mapaipi ku bokosi lapanja. Nati yaikulu ndi youma. Pansi pa yaing'ono fumbi lake ndi lakuda, lonyowa, lonona ukalitikita pa zala. Oyilo wa kompuresa amayenda limodzi ndi gasi, ndiye pomwe gasi akuthawira oyilo amasiya chizindikiro. Lachitatu lija ndinapaona pamenepa, ndinangoti ndi matope. Ndapakapo thovu la sopo. Kwa nthawi ndithu palibe chimene chimachitika. Kenako m'munsi mwa nati mwatuluka kathovu kamodzi, kakula pang'onopang'ono, kaphulika, kena n'kuyamba pomwepo.

Ndinagwira sipanala kuti ndimangitse natiyo, koma ndaibweza. Kukamwa kwa paipi ya kopa kumafutukulidwa ngati duwa kuti kukhale pa valavu, ndipo ngati kwang'aluka, kumangitsa kumangokulitsa mng'aluwo. Apa m'pamene manja anga athera. Ndilibe mageji oyezera pulesha, ndilibe pampu, ndilibe sikelo, ndipo gasi ameneyu akakuthira pa khungu amawotcha ndi kuzizira. M'mayiko ambiri kumugwira kumafunanso chiphaso. Buleka yabwerera pansi, chifukwa gasi yemweyo ndi amene amaziziritsa mota ya kompuresa, ndipo sindikufuna kuipha nditangoipulumutsa kumene.

Alamu sindinawauze.

Lachiwiri la sabata yachiwiri

Mmisiri wabwera m'mawa ndi mnyamata womuthandiza. Ndamufotokozera zonse kuchokera m'zolembazi. Wamvetsera, koma nkhope yake imaoneka ya munthu amene wakumanapo ndi eni nyumba odziwa zonse. Walumikiza geji pa valavu yaikulu, wayatsa, singano yakhazikika cha m'ma 70 psi. Akuti pa kutentha kwa lero amayembekezera 120 kapena kuposerapo.

"Bambo, tingowonjezeramo pang'ono. Theka la ola, muona izizira ngati firiji."

"Nanga pobookapo, amisiri?"

"Timangitsa natiyo."

Ndamuonetsa pomwe panatuluka thovu, ndipo ndamupempha kuti amasule tione kukamwa kwa paipiyo. Wandiuza mosabisa kuti imeneyo ndi ntchito ya theka la tsiku ndipo ambiri safuna kuilipira, n'chifukwa chake amayamba ndi yachiduleyo. Sindinamuone ngati wakuba. Anthu ofuna kungothira gasi ndife tomwe, ndipo chaka chamawa timamuitananso n'kumati gasi wake anali wabodza.

Tagwirizana za ntchito yonse. Choyamba wakokera gasi wotsala mu silinda yopanda kanthu ili pa sikelo, osamutayira m'mwamba. Pa chipepala cha makina palembedwa magalamu 850. Sikelo yaonetsa 410. Wopitirira theka anathawa, kathovu kamodzikamodzi, mwina kwa zaka. Ndinadzimvera chisoni pang'ono pokumbukira kuti R-410A, ngakhale sawononga ozoni ngati R-22 amene mayiko anagwirizana zomusiya kudzera mu pangano la ku Montreal la 1987, kilogalamu yake imodzi imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu 2,088 a carbon dioxide. N'chifukwa chake mu 2016 ku Kigali anawonjezera pa panganolo kuti magasi a mtundu uwu nawonso achepetsedwe, ndipo makina ambiri atsopano akubwera ndi R-32, amene nambala yake ndi 675 koma amatha kuyaka pang'ono. Ndafunsa ngati angathire ameneyo. Wapukusa mutu, akuti makina amamwa chimene chalembedwa pa chipepala chake, osasakaniza.

Atamasula nati wandiitana. M'mphepete mwa kukamwa kwa paipi muli kamng'alu kochepa ngati tsitsi, ndipo mbali imodzi yaphwatalala kuposa inzake. Akuti amene anaika makinawa anamangitsa mopitirira, ndipo kunjenjemera kwa zaka kunamaliza. Wadula kachidutswa, wapala m'kati paipi itayang'ana pansi kuti tizitsulo tisagwere m'kati, wafutukula kukamwa kwatsopano, n'kumanga ndi sipanala ija imene imalira ikafika pa muyeso wake.

Zotsatira zake ndi zimene ndinkaganiza kuti n'zongotalikitsa ntchito, koma ndaziona phindu lake. Wapopera naitirojeni m'mapaipi n'kusiya geji kwa ola, tikuyang'ana ngati singano itsike. Sinasunthe. Wapaka thovu pa manati onse anayi, awiri apanja ndi awiri a kuseri kwa mbali ya m'nyumba. Phee. Atatulutsa naitirojeni walumikiza pampu ya vakyumu yochotsa mpweya ndi chinyezi m'mapaipi, n'kukoka mpaka kageji kena kakang'ono katsika pansi pa mamaikironi 500, kenako wazimitsa pampu n'kudikira kuti aone ngati nambalayo ikwere. Apa anafotokoza yekha ndisanafunse: oyilo wa makina a R-410A amayamwa chinyezi msanga, ndipo chinyezi chikatsalira m'kati chimapanga asidi, chimathanso kuundana n'kutseka kapaipi kopyapyala kaja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero mnyamata wake uku akuyasamula.

Pomaliza waika silinda yapinki pa sikelo, chozondoka, chifukwa R-410A ndi magasi awiri osakaniza, R-32 ndi R-125, ndipo amathiridwa ali madzi kuti asalekane. Wathira mpaka sikelo yanena kuti magalamu 850 alowa. Mapaipi athu sakwana mamita 5, ndiye malinga ndi buku la makinawa panalibe chowonjezera.

Patatha theka la ola: 29 polowera, 18 potulukira. Madigiri 11. Maampu 4.9. Geji pa 125. Paipi yaikulu ili thukuta kamukamu, yaing'ono yozizira yopanda ayisi. Mmisiri watenga kapasita yakale ija, waitembenuza, wandifunsa kuti ndinadziwa bwanji poti sinatupe. Ndamuonetsa mita. Akuti akanangothira gasi Lolemba lija kompuresa isakudzuka, bwenzi geji ikumunamiza, chifukwa makina oima pulesha yake imaoneka yokwanira malinga ngati mwatsala madzi a gasi ngakhale pang'ono.

Madzulo ndawaimbira alamu. Ndayamba ndi kapasita, koyilo, kamng'alu, ndikuzungulira.

"Ndiye gasi anali bwanji, alamu?"

"Anathawa, alamu. Sanathe. Anathawa."

Aseka mpaka kutsokomola.

Lachisanu la sabata yachiwiri

Masiku atatu akuyenda. Ndikuyeza nthawi imodzimodzi, 3 koloko masana: 11, 10.5, 11. Rimoti ndaibwezera pa 24, ndipo kompuresa tsopano ikumazima yokha chipinda chikafika pamenepo, chinthu chimene ndikakumbukira bwino chinasiya kuchitika chaka chatha ine osalabadira. Nati yaing'ono ndaipukuta ndi kapepala koyera, palibe oyilo. Ndidzapukutanso pakatha mwezi. Mufoni ndaika chikumbutso cha masefa pa masabata awiri alionse, ndi cha koyilo yapanja nyengo yotentha isanayambe.

Chatsopano ndi madzi. Popeza koyilo yonse yayamba kugwira ntchito, ikukama chinyezi chambiri kuposa kale, ndipo kapaipi kotayira madzi ndi kakafupi, kakudonthezera pakhoma mpaka utoto wayamba kudera. Ndayeza ndi tepi, pakufunika kuwonjezera masentimita 80 ndi timagwiriro tiwiri kuti kasapindike. Pakadali pano ndatcherapo chidebe.